Wa Lobato Anali Ndani?

Mutu 7

1. Chithunzi cha m'feremu

Severina, mwana wa mlongo wanga Rozariya, anapeza kholo lathu loyamba pa foni, akudya mango. Tiyi amene anandithirira anali asanazizire pamene kafukufuku wake yense ankatha.

"Malume, ndamupeza," anatero. "Dona Karlota Lobato. Taonani khosi lake. Si khosi la amayi ili?"

Ndinayang'ana. Anali mayi woyera, wovala diresi lakuda, atakhala pampando wosemedwa bwino. Kumbuyo kwake kunali nyumba ya makhonde awiri, ya ku Goa.

"Khosi aliyense ali nalo," ndinatero.

"Inu malume simusangalala ndi kanthu."

Ife Asidi, anthu akuda a m'nkhalango zino za kufupi ndi tauni ya Haliyal, makolo athu anabwera ndi zombo za Apwitikizi kuchokera ku Africa, osati mwa kufuna kwawo. Ambiri anathawa ku Goa n'kukwera mapiri ano. M'banja mwathu amene anathawa anali mkazi, ndipo anali ndi pakati. Dzina lake linatayika panjira. Chomwe chinatifikira ndi mawu awiri okha: wa Lobato.

Chaka chilichonse pa tsiku la Hiriyaru, mwambo wathu wokumbukira makolo, bambo anga a Kaitano, amene nyumba yonse imawatchula kuti agogo, amakhala patsogolo pa kokonati wa makolo pangodya ya nyumba n'kuitana akufa athu mmodzimmodzi kuti abwere adzadye. Amayambira kwa amene watisiya posachedwa, n'kumabwerera m'mbuyo. Pomaliza amati, "Ndi iwe wa Lobato."

Chaka chimenecho miyendo inali itawakana, chifuwa chikulira usana ndi usiku. Anamuitana Severina.

"Iwe umawerenga," anamuuza. "Undipezere dzina la mayi uja Hiriyaru isanafike. Sindikufuna kukakumana naye kumeneko ndisakudziwa pomutchula."

Ntchito imene Severina anaimaliza ndi mango m'manja inali imeneyo.

Rozariya sanachedwe. Kuyambira kale iye ankakhulupirira kuti mayi wathuyo anali mwana wa m'nyumba ya Lobato, amene anakondana ndi mnyamata wakuda n'kuthawa naye. Anatenga foni, kupita ku Haliyal, n'kubwerako ndi chithunzicho chili m'feremu ya mtundu wa golide. Anachionetsa kuchitsime, anachionetsa kutchalitchi, anachionetsa ngakhale kwa munthu wogulitsa nsomba zouma.

"Ndinkanena ine," ankatero. "Mphuno iyi mumaiona ngati ya wamba?"

Severina anali ndi nkhani inanso.

"Ndawalembera a Lobato a masiku ano," anandiuza. "Pali bambo wina amene amasunga tsamba la banja lawo pa intaneti. Ndawauza kuti ndife abale, abwere pa Hiriyaru."

"Ayankha?"

"Ayi."

"Mulungu ndi wabwino," ndinatero.

2. Zimene agogo ananena

Chithunzi anachipereka kwa agogo atakhala pakhonde. Anachigwira patali, kenako pafupi, kenako patalinso.

"Mayiyu ndi wokhuta," anatero.

"Anali wolemera, bambo," anayankha Rozariya. "Magazi abwino."

"Wathu uja anafika kuno mapazi atang'ambika, akudya mizu. Uyu angakwere phiri? Severina, dzina ili walitenga kuti?"

"Pa foni, agogo. Lobato ndi Lobato."

Agogo anatsokomola nthawi yaitali. Atapuma anamukodola kuti akhale pansi.

"Tamvera, mdzukulu wanga. Dzina si mwala woti ungotola panjira chifukwa ukuwala. Pa Hiriyaru amene waitanidwa ndi amene amabwera. Ukaitana wolakwika, iye sakana, chifukwa akufa sakana chakudya. Abwera, akhala pamalo a mnzake, adya mpunga wake, amwa kachasu wake. Mwini wake aima kunja kwa khomo akumva fungo la nkhuku. Chaka chino aima, chaka chamawa aima, mpaka kalekale, chifukwa ana ako adzatchula zimene anamva kwa iwe, ndipo sipadzakhala wowauza kuti n'zabodza. Bola 'wa Lobato' wangayu. Ndi dzina lopunduka, koma mwini wake amalizindikira. Ine ndakalamba ndikufula uchi m'nkhalango muno. Sindinkauza anzanga kuti mumtengo muli uchi chifukwa chongomva njuchi zikulira. Ndinkayamba ndalowetsa dzanja. Zinkandiluma, inde. Pita ukalowetse dzanja."

"Bambo, mwanayu wagwira ntchito, inu mukumunyoza," anatero Rozariya.

"Wagwira foni."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Diyogo, sukulu mwatsekera. Mperekeze ku Goa."

Ndinali ndi zolemba za ana zoti ndichonge, ndipo msewu wotsika mapiri aja sugwirizana ndi mimba yanga. Ndinanena zonse ziwiri. M'mawa mwake tinali m'basi.

3. Kamawu kakang'ono

Tsamba la pa foni lija linatchula parishi imene banja la Lobato linkapemphera, kufupi ndi Margao. Tinafika dzuwa litakwera. Mabuku akale ankawasunga m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo woyang'anira anali wansembe wopuma ntchito, Bambo Zeferino, wamfupi, wa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo.

Severina anatulutsa foni asanamalize ndi moni womwe.

"Bambo, tikufuna agogo athu. Awa."

Wansembeyo anausa moyo.

"Aliyense wolowa pakhomo ili ndi mdzukulu wa mkulu wa asilikali kapena wa mwini chombo," anatero. "Sindinalandirepo mdzukulu wa wophika. Sindidziwa kuti anthu onsewo ankadya chiyani. Mwati ndani?"

"Dona Karlota Lobato. Anathawira kwathu ali ndi pakati."

"Anathawa? Bwerani."

Anatitsogolera m'tchalitchi mpaka pafupi ndi guwa, n'kuloza pansi ndi ndodo yake.

"Sunthako pang'ono, wawaponda. Ali pansi pa mwala uwo. Anabadwira m'parishi muno, anakwatiwira muno, ana ake onse anabatizidwira muno, n'kufera muno mano atatha. Sanathawirepo kulikonse. Ngakhale kubwera kutchalitchi kuno ankabwera pa machila, anthu atamunyamula."

Severina anadumphira pambali, koma sanagonje.

"Ndiye ndi mng'ono wake kapena. Tioneko mndandanda wa a Lobato onse. Agogo amati wa Lobato. Sanganame."

"Sananame," anatero wansembeyo. "Iwe ndi amene wamva ndi khutu limodzi."

Tinabwerera m'chipinda chija. Anatsegula kabati, kutulutsa buku lalikulu la chikopa, n'kuliika patebulo osalitsegula.

"Mwana wanga, kamawu kameneko ka 'wa' kapweteka anthu ambiri. Khala pansi. M'mabuku awa muli 'wa' wa mitundu iwiri. Pali mwana wa Lobato. Ameneyo amalembedwa pakati pa tsamba, ndi zilembo zokongola, dzina la bambo ake, la mayi ake, la agogo ake, ndi mboni ziwiri za maudindo. Umupeza msanga chifukwa ali pamndandanda wa kutsogolo. Ndiye pali 'wa' wina, uja timamumva tikamati munda wa Lobato, kavalo wa Lobato. Anthu a 'wa' ameneyu pamndandanda palibe. Alibe dzina la bambo. Wansembe ankawalemba mothamanga, m'munsi mwa tsamba kapena m'mphepete, ndi dzina limodzi lokha limene wawapatsa tsiku lomwelo la ubatizo. Dzina la kwawo sankalifunsa. Amene analemba choncho anali ansembe a mpingo wanga womwewu, sindikubisira. Tsono usawafune anthu ako kutsogolo. Kutsogolo sankawalowetsa. Ndipo ukawapeza, usawaonjezere kanthu kuti amveke bwino, chifukwa anthu amenewa anawanamizira kokwanira ali moyo."

Severina anayang'ana foni yake, n'kuitembenuza chafufumimba patebulo.

"Ndiye kuti anali m'gulu la onyamula machila aja?"

"Amuna ndiwo ankanyamula. Akazi ankatunga madzi, kuchapa, kulera ana a Dona."

"Nanga amayi ndikawauza chiyani za feremu ija?"

"Feremu ndi yabwino," ndinatero. "Tidzaikamo kalendala."

Anandiyang'ana ndi diso loipa.

Bambo Zeferino analemba mawu amodzi a Chipwitikizi pakapepala: escrava.

"Kapolo wamkazi," anatero. "Sukusowa kudziwa chilankhulo chonse. Loweza maonekedwe a mawu awa, n'kumawafuna pafupi ndi Lobato. Ukawaona undiitane ndidzakuwerengere. Maso anga anatha, ako ndi atsopano. Ndipo usanyowetse chala ndi malovu."

4. M'munsi mwa masamba

Tinawerengera mibadwo kuchokera kwa agogo kubwerera m'mbuyo, ndipo wansembeyo anasankha mabuku a zaka zoyenera. Severina anayamba.

Chipindacho chinkatentha. Zolembazo zinali zopendekera, inki itasanduka ya mtundu wa dzimbiri. Tsamba lililonse Severina ankalidandaulira.

"Anthu amenewa ankalemba ndi phazi?"

"Pitiriza," ankatero wansembe, maso ali chitsinzinire.

"Malume, inu mungokhala?"

"Amene anatumidwa ndiwe. Ine ndinatumidwa kukuperekeza, ndipo ndakuperekeza."

"Pa foni zikanatha kale izi."

"Zinatha kale. N'chifukwa chake tili kuno."

Patapita nthawi chala chake chinaima m'munsi mwa tsamba lina. Anafanizira ndi kapepala kaja kawiri, n'kuitana. Bambo Zeferino anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza bukulo.

"Ndabatiza Kiteriya, wamkulu kale, kapolo wa Lobato," anawerenga. "Basi. Palibenso china."

Severina anaimirira mpaka mpando kugwa.

"Ndamupeza. Malume, ndamupeza."

"Tsiku lija unanenanso choncho."

"Dzutsa mpando," anatero wansembe. "Nyumba ya makhonde awiri sinkasesedwa ndi munthu mmodzi. Pitiriza."

Anapitiriza, tsopano osadandaula kwambiri. Anapeza Luziya. Anapeza Roza, kenako Roza winanso. Anapeza Domingasi, Esperansa, ndi ena. Aliyense mzere umodzi. Ankawakopera m'pepala lake mosamala kuposa m'mene amakopera za m'kalasi mwanga.

Mmodzi anamupeza m'mphepete mwa tsamba limene njenjete inaliboola. Mawu akuti kapolo analipo, Lobato analipo, koma pamene panayenera kukhala dzina panali kabowo. Severina anakweza tsambalo pang'ono, kuwala kwa pawindo n'kudutsa pamenepo.

"Mwa malo onse, kachilomboka kanasankha pomwepa," anatero.

Kenako wansembe anatulutsa buku la maliro.

"Amene anaikidwa m'manda a kuno si wanu, chifukwa wanu anafera kumapiri. Afufute pa pepala lako."

Ntchitoyo inadya masana onse. Domingasi anapezeka, Roza mmodzi anapezeka, ena anapezeka. Severina sanawafufute. Anangoika kamtanda pambali pa aliyense. Opanda kamtanda anatsala asanu: Kiteriya, Luziya, Roza, Esperansa, ndi wa kabowo uja.

"Tsono wathu ndi uti?" anafunsa.

"Buku silinena."

"Liyenera kunena, Bambo. Tachokera kutali."

"Munthu wothawa sabwera kwa wansembe kudzalembetsa kuti mawa ndikuthawa. Ena mwa awa mwina anagulitsidwa kwina. Ena mwina anathawa ngati wanuyo. Ndikanadziwa ndikanakuuza, kuti ndipite ndikagone."

Potiperekeza pakhomo anamufunsa Severina ngati akudziwa tanthauzo la Esperansa.

"Ndi chiyembekezo," anatero. "Ankakonda kuwapatsa mayina otero. Sindidziwa ngati ankaseka kapena ayi."

5. Mapepala awiri

Basi itayamba kukwera mapiri, foni inalira. Anali Rozariya, ndipo mawu ake ankamveka mpaka mipando ya kutsogolo.

"Ukuti chiyani? Kapolo? Iwe, mudzi wonse ndauuza kale."

"Amayi, Dona uja ali m'tchalitchi, pansi pa mwala. Ndamuponda ndi phazi langali."

"Malume ako ndi amene akuuza zimenezi. Iyeyo sakondwa ena akakondwa. Chabwino, ngati si Dona, dzina lake ndani?"

"Alipo asanu."

"Asanu a chiyani? Agogo ako anakutuma dzina, osati kalasi yonse. Sankhapo limodzi labwino ubwere nalo. Munthu akudwala, ukufuna umupatse mafunso m'malo mwa yankho? Hiriyaru ina mwina sadzaiona. Ukumva?"

Foni inaduka pakhota, monga imachitira nthawi zonse pamenepo.

Severina anayang'ana pepala lake kwa nthawi. Kenako anang'amba tsamba lina loyera m'kope, nalembapo ndi zilembo zazikulu: ESPERANSA.

"Malume."

"Ee."

"Agogo sawerenga. Nditati ndi Esperansa, angadziwe?"

"Sangadziwe."

"Mwina ndi iyeyo ndithu. Pa asanu, mmodzi ndi wathu."

"Mwina."

"Inu mungawauze?"

"Sanatume ine."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Tsegula windo. Nkhope yako yayamba kusintha."

"Inu malume, kukufunsani nzeru kuli ngati kufunsa chitsa."

Anatsegula windo. Pepala la dzina limodzi analiika m'thumba la kumanja, la mayina asanu m'thumba la kumanzere. Titafika kunyumba anangouza agogo kuti adzamva pa tsikulo. Rozariya anamufunsa m'khitchini, anamufunsa kuchitsime, koma Severina sanamuyankhe zomveka.

6. Hiriyaru

Abale anayamba kufika m'mawa, ena pa njinga zamoto, ena wapansi kudutsa m'nkhalango. Anyamata anaika ng'oma ya damamu padzuwa kuti ikungike. Nkhuku zinaphedwa, mpunga unaphikidwa, kokonati wakale anachotsedwa n'kuikapo watsopano. Pambali pake, motsamira khoma, panali Dona Karlota m'feremu yake.

"Achemwali, ichi chikufuna chiyani apa?" ndinafunsa.

"Chikukongoletsa. Chakulakwira chiyani, aphunzitsi?"

Dzuwa litapendeka tinawanyamula agogo n'kuwakhazika pamphasa patsogolo pa kokonati. Anayatsa kandulo ndi lubani. Masamba a nthochi anali atayalidwa, lililonse ndi mpunga wake ndi nthuli yake, la wakufa aliyense. Nyumba inadzaza, ana ali pamawindo.

Agogo anayamba.

"Natalina, mpongozi wanga, bwera udzadye."

Natalina anali mkazi wanga. Ndinayang'ana nyerere imene inkakwera khoma mpaka inafika kudenga.

Anaitana amayi athu. Anaitana bambo awo iwo eni a Antoni, agogo awo a Pedru, ndi a Bastiyao, amene anakwera mapiri ano ali m'mimba mwa mayi wothawa uja. Tsamba lomaliza linatsala. Agogo analekeza kaye, napuma movutikira.

"Severina."

Anabwera n'kugwada pambali pawo. Ndinaona dzanja lake likulowa m'thumba la kumanja. Linakhalamo. Rozariya ankagwedeza mutu kumulimbikitsa. Dzanjalo linatuluka lopanda kanthu, n'kupita kumanzere.

"Agogo, dzina limene munandituma sindinalipeze."

Rozariya anatsonya.

"Ndapeza akazi asanu. Mmodzi mwa iwo ndi wathu, koma sindikudziwa kuti ndi uti. Ndipo sanali mwana wa Lobato. 'Wa' ujayu ndi wa umwini. Anali kapolo wake. Chithunzi icho ndinalakwitsa ndine."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Msuweni wathu Mingeli, amene anali atalawa kale kachasu wa akufa, analankhula ali pakhomo.

"Ndiye mphuno ya Rozariya ibwezedwe kwa eni ake?"

Ena anaseka. Rozariya sanaseke.

"Ulendo wonse uja wa ku Goa kukatenga 'sindikudziwa'," anatero. "Pamaso pa anthu, pamaso pa makolo. Mwana uyu ndinamulakwira chiyani?"

Agogo anakweza dzanja, phokoso n'kutha.

"Werenga."

Severina anawerenga pang'onopang'ono.

"Kiteriya. Luziya. Roza. Esperansa. Wachisanu dzina lake linadyedwa ndi njenjete, agogo. Pali kabowo kokha."

"Bwereza."

Anabwereza. Milomo ya agogo inkatsatira dzina lililonse.

"Onsewa ankakhala nyumba imodzi?"

"Inde, agogo."

"Ankatunga chitsime chimodzi. Mwina usiku umene wathuyo ankathawa, wina mwa awa ndi amene anamutsegulira chitseko." Anatsokomola. "Anayi enawo ali ndi owaitana?"

"Sindikudziwa, agogo."

"Lero 'sindikudziwa' wachuluka," anatero Rozariya.

"Bola ameneyo. Rozariya, mpunga ulipo?"

"Ulipo wa anthu amoyo."

"Amoyo adya mawa. Onjezera masamba anayi."

Rozariya anatuluka akunyinyirika. Tinamva chikwanje chikudula nthochi kuseri mwaukali woposa umene nthochi imafuna. Anabwera ndi masamba anayi, kuwayala, kuikapo mpunga. Ndinaona kuti nthuli zimene anasankha sizinali zazing'ono.

Agogo anawongola msana.

"Kiteriya, bwera udzadye. Luziya, bwera udzadye. Roza, bwera udzadye. Esperansa, bwera udzadye. Ndi iwe amene njenjete inakudyera dzina, ngati ndiwe wathu, khomo ukulidziwa. Ngati si iwe, lowabe."

Anathira kachasu pansi. Chibadwire changa, aka kanali koyamba kuti Hiriyaru ithe dzina la Lobato osamveka poitana akufa m'nyumba mwathu.

"Mayi wokhutayu muchotseni," anatero. "Anadya kale."

Rozariya anachotsa yekha feremu ija n'kuilowetsa pansi pa bedi.

"Koma khosi lokha ndi langa," anatero potuluka.

Severina anali chigwadire.

"Agogo, pepani. Munkafuna kudziwa pomutchula mukakakumana naye."

"Ndadziwa," anayankha. "Ndikafika ndikaitana onse asanu. Amene akatembenuke ndi yemweyo."

7. Mlendo

Anyamata anali atangoyamba kuimba damamu pabwalo pamene ana anathamangira kumsewu. Galimoto yoyera inkabwera pang'onopang'ono, ikuzemba maenje. Kwathu kuno galimoto yotero imabwera nthawi ya chisankho yokha. Iyi inali ya nambala za ku Goa.

Inaima pansi pa mtengo wa mango. Munatuluka bambo wachikulire, woyera, wa malaya osita bwino, atanyamula bokosi la keke ndi manja awiri. Anayang'ana ng'oma, anayang'ana ife, n'kumwetulira ngati munthu amene wafika pakati pa abale ake.

"Pepani ndachedwa, msewu unandisokoneza," anatero. "Uthenga ndinauona mochedwa. Ndine Lobato. Msuweni wanga Severina ndi uti?"

Ng'oma inasiya.

Rozariya anandigwira mkono.

"Diyogo, iwe ndi wophunzira. Pita ukalankhule naye."

"Sindinamuitane ndine."

Agogo anamva zonse ali m'nyumba. Mawu awo anatuluka pakhomo, ofooka koma omveka.

"Mpatseni mpando ndi madzi, ndi mlendo. Koma muno asalowe. Muli anthu asanu amene akudya, ndipo sindinawafunse ngati akufuna kumuona."

Aliyense anatembenukira kwa Severina. Iye anapukuta manja pa siketi yake, anatola pepala la mayina lija pamphasa, n'kutsika masitepe kupita kumene bamboyo anaima ndi keke yake.